Ndikufuna kukaona makorali ndi maso anga: ndipite chilumba chiti?

Mphunzitsi_Wopuma

Moni nonse. Ndine mayi amene ndangopuma kumene pa ntchito yauphunzitsi, ndipo phunziro langa linali jogalafe. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula zilumba pabolodi ndi choko. Ndinkayamba ndi phiri lophulika lotumphuka pakati pa nyanja, kenako makorali (tinyama ta m'nyanja timene timaunjikana n'kupanga miyala) omera m'mbali mwake, kenako phirilo likumira pang'onopang'ono mpaka kutsala mkombero wa makorali okhaokha, umene timautcha atoll. Ana ndinkawauza kuti Charles Darwin ndiye anafotokoza zimenezi mu 1842, ndipo umboni wake unadzapezeka mu 1952 pamene asayansi anaboola pansi pa atoll ya Enewetak, m'nyanja ya Pacific, n'kukapeza mwala wa phiri lophulika utakwiririka ndi makorali okuya mamita oposa 1,200. Ana ankalemba, mayeso ankakhoza. Koma ineyo makorali amoyo sindinawaonepo, ndipo madzi a m'nyanja yamchere sindinawalawepo n'komwe.

Tsopano ndalama za penshoni zatuluka, ana onse ali paokha, ndipo ine ndi bambo akunyumba tagwirizana kuti tipatulepo zina tipite kutchuthi pachilumba. Ulendo wotere mwina ukhala umodzi wokha pamoyo wathu, n'chifukwa chake sindikufuna kusankha mongotengeka ndi zithunzi. Zithunzi za pa Facebook zonse n'zofanana: mchenga woyera, madzi obiriwira, mtengo wa kokonati wowerama. Ukachotsa dzina pansi pake sungadziwe ngati ndi Maldives, Seychelles kapena Zanzibar.

Zovuta zathu ndi izi. Bambo mawondo amawavuta, kukwera masitepe ambiri sangathe. Kusambira sadziwa, ndipo boti amaliopa kwambiri, moti nkhani ya ulendowu anaivomera pokhapokha nditawalonjeza kuti sindikawakweza boti pamafunde. Santorini, ya ku Greece, ndaichotsa kale pa chifukwa chimenechi, ngakhale mtima unali pomwepo, poti chilumba chonsecho ndi mlomo wa phiri limene linaphulika zaka pafupifupi 3,600 zapitazo. Koma midzi yake inamangidwa pamwamba pa maphompho ndipo kulikonse ndi masitepe. Bora Bora, ya m'nyanja ya Pacific, ndiye chitsanzo chimene ndinkachikonda m'kalasi, phiri pakati, makorali kutali mozungulira, koma mtengo wa ndege yopita kumeneko utha kudya penshoni yonse.

China n'chakuti sindikufuna kukatsekeredwa m'hotela sabata yonse, kudya ndi kugona, osaona mmene eni chilumba amakhalira. Ndikufuna ndikakwere basi yawo, ndikalowe mumsika wawo, ndikamve mbiri yawo.

Ndiye ndikufunsa inu amene munafikako: pa zilumba za m'nyanja ya Indian, kapena kwina kumene sindikukuganizira, ndi chiti chimene mayi ngati ine ndingakaone makorali enieni, bambo n'kumasangalala nawo ali pamtunda? Nanga mwezi wabwino ndi uti?

Mayi_wa_Atatu

Mayi mnzanga, funso lanu landikhudza, ndipo ndikuyankhani monga munthu amene ndinapita ku Zanzibar ndi mwamuna amenenso madzi sagwirizana nawo.

Choyamba mtima ukhale pansi pa nkhani ya boti. Anthu ambiri amawoloka kuchokera ku Dar es Salaam pa sitima ya pamadzi, ulendo wa maola awiri, ndipo mphepo ikakhalapo anthu amasanza ndithu. Koma chilumba chachikulu cha Unguja chili ndi bwalo lake la ndege, ndiye mutha kufika osaponda m'boti.

Chimene zithunzi sizikuuzani ndi kuphwa kwa madzi. Ife tinagona ku Jambiani, mbali ya kum'mawa. M'mawa woyamba titadzuka tinapeza nyanja yathawa, yapita kutali moti mafunde tinkangowaona ngati kamzere koyera kumapeto kwenikweni, kumene akumenya makorali. Alendo ena anakwiya kuti analipira kudzasambira koma madzi palibe. Kwa ife linali dalitso. Mwamuna wanga anayenda pansi pa nyanja madzi akulekeza m'akakolo, akuona tinsomba totsalira m'timaenje, nkhanu, ndi zamoyo zina zimene mayina ake sitiwadziwa. Nthawi yomweyo amayi a m'mudzimo amatsika ndi zingwe ndi timitengo kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, zimene amaumitsa n'kugulitsa. Pakatha maola pafupifupi 6 madzi amabwerera, ndipo amabwera mofulumira kuposa mmene mungaganizire, choncho funsani eni malo nthawi yake musanapite patali. Muvalenso nsapato za pulasitiki chifukwa pansi pali tizilombo tozungulira taminga, tikakubayani tsiku lawonongeka. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, madzi sathawa kwambiri ndipo munthu amasambira nthawi iliyonse, koma kuli anthu ambiri, nyimbo usiku, ndi anyamata ogulitsa zinthu amene sakusiyani kupuma. Chokoma cha ku Nungwi n'kuona amisiri akukhoma zombo zawo zamatanga pagombe ndi manja.

Koma inu mukakonda Stone Town. Poti ndinu a jogalafe, mukayang'anitsitse makoma a nyumba zakale pamene pulasitala anagwa: anamangira miyala ya makorali yosakaniza ndi laimu, ndipo timabowo ta makoraliwo timaoneka bwinobwino. Tinjira take n'topapatiza moti galimoto silowa, zitseko zake n'zosemedwa mwaluso, zina zokhomedwa zitsulo zamkuwa. Bungwe la UNESCO linaika tauniyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. Kuli pafulati, bambo atha kuyenda pang'onopang'ono n'kumapuma.

Malo amene sindidzawaiwala ndi tchalitchi cha Anglican chimene chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. M'kati muli mtanda waung'ono wopangidwa kuchokera ku mtengo umene anakwirirapo mtima wa David Livingstone ku Chitambo, m'dziko la Zambia. Tinatsikiranso m'tizipinda tapansi, totsika denga, tamdima. Ndinatuluka m'menemo miyendo ikunjenjemera. Munthu amene amangopita kugombe n'kubwerera ku ndege osafika pamenepa, kwa ine Zanzibar sanaione.

Anthu ake ambiri ndi Asilamu. Kugombe la hotela valani mmene mukufunira, koma m'tauni ndi m'midzi phimbani mapewa ndi mawondo, ndipo mukapita m'mwezi wa Ramadan musamadye poyera masana. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ina yochepa cha mu Novembala. Juni mpaka Okutobala ndiye nyengo yabwino, kozizirira. Dziwaninso kuti kuyambira Okutobala 2024 mlendo aliyense amayenera kugula inshulansi ya boma la Zanzibar asanalowe, ngakhale ali nayo kale ina.

Pamene ndikukayika ndi pa makorali amoyo amene mukufunawo. Abwino ali cha ku tizilumba ta Mnemba ndi Chumbe, ndipo konseko n'kwa boti panyanja yeniyeni. Mungapite nokha, bambo n'kutsala, koma sindikudziwa ngati ndi mmene mukufunira.

Mmalinyero_Wakale

Mayi aphunzitsi, ine ndinagwira ntchito m'sitima zonyamula katundu, ndipo nyanja mukuitchulayi ndaidutsa nyengo zonse. Langizo langa n'lakuti muyambe mwasankha mwezi, chilumba chibwere pambuyo, chifukwa chilumba chimodzi chomwecho chimasintha nkhope mphepo ikatembenuka.

Kum'mwera kwa nyanja ya Indian, kumene kuli Mauritius, Réunion ndi Madagascar, anamondwe amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo, makamaka Januwale mpaka Malichi. Si kuti amagunda chaka chilichonse, koma akabwera ndege zimaima ndipo mumatsekeredwa m'chipinda masiku angapo. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa. Kumauma, kumazizirira, koma magombe oyang'ana mbali imeneyo amakhala ndi mphepo ndi ndere zambiri. Ku Maldives zinthu n'zosiyana: kumauma Disembala mpaka Epulo, ndipo mvula ndi mafunde zimachuluka Meyi mpaka Okutobala.

Za Seychelles ndinene chilungamo. Pa zilumba zonse zimene ndaziona, kukongola kwake n'kwapadera. Zilumba zilipo 115, ndipo zam'kati monga Mahé, Praslin ndi La Digue si za phiri lophulika kapena za makorali ayi. Ndi mwala wa granite, zidutswa za mtunda wakale zimene zinatsala pakati pa nyanja India atapatukana ndi Madagascar n'kusunthira kumpoto. Ndiye chimene munkajambula pabolodi chija kumeneko simukachipeza, mukapeza phunziro lina. Ku Praslin kuli nkhalango ya Vallée de Mai kumene kumamera coco de mer, mgwalangwa wobala njere yaikulu kuposa ya mtengo uliwonse padziko, yolemera makilogalamu mpaka 20 ndi kupitirira. Ku La Digue anthu amayenda pa njinga zakapalasa, ndipo gombe la Anse Source d'Argent ndi lija la matanthwe akuluakulu osalala limene mumaliona pa makalenda. Vuto n'lakuti La Digue ilibe bwalo la ndege. Kuchokera ku Mahé kupita ku Praslin mutha kukwera kandege, apo ayi boti la ola limodzi limene mu Julayi ndi Ogasiti ndaona amuna amphamvu akugona pansi ndi nseru. Kuchoka ku Praslin kupita ku La Digue ndi mphindi 15, koma ndi boti basi. Komanso zinthu n'zodula kwambiri chifukwa pafupifupi chilichonse chimachokera kunja.

Ine ndikanakhala inu ndikanapita ku Mauritius, ndipo chifukwa chake ndi choko chanu chomwecho. Chilumbachi chinabadwa ndi mapiri ophulika zaka pafupifupi 8 miliyoni zapitazo, ndipo makorali amachizinga pafupifupi mbali zonse. Pakati pa gombe ndi makoraliwo pali madzi osaya, odekha, amene mafunde akunja safikamo. Ndiye gawo loyamba la chithunzi chanu chija. Darwin mwiniwake anaima pachilumbachi mu 1836 akubwerera kwawo, ndipo anakwera phiri la Le Pouce loyang'ana Port Louis.

Tsiku limodzi mukachite izi. M'mawa mukaime pagombe lililonse lotetezedwa ndi makorali, muone mmene madzi akhalira phee, ana akusewera. Masana mupite kum'mwera, ku Gris Gris pafupi ndi Souillac, kumene makorali anaduka. Kumeneko nyanja imabwera yonse ndi mphamvu zake n'kumamenya matanthwe akuda, phokoso lake lomveka m'chifuwa, ndipo kusambira n'koletsedwa. Mukaona ziwirizi tsiku limodzi, ntchito ya makorali simudzafunanso kuiwerenga m'buku. Ku Curepipe kuli Trou aux Cerfs, chibowo cha phiri limene linazima kalekale, ndipo msewu umafika pamlomo pake penipeni, ndiye bambo sakwera kalikonse.

Mabasi amafika pafupifupi paliponse ndipo ndi otsika mtengo. Magombe ambiri monga Flic en Flac, Mont Choisy ndi Belle Mare ndi a anthu onse. Lamlungu mabanja a komweko amadzaza pansi pa mitengo ndi mapoto awo, ndipo simudzimva kuti mwatsekeredwa kumalo a alendo okhaokha. Mbiri nayo ilipo yolemera. Phiri la Le Morne linali pothawira akapolo, ndipo Aapravasi Ghat ku Port Louis ndi pamene ankatsikira anthu ochokera ku India obwera kudzalima nzimbe ukapolo utathetsedwa. Pachilumbachi panalibe munthu mpaka azungu atafika, choncho aliyense amene mukakumane naye makolo ake anabwera pa sitima, ena mwakufuna kwawo, ambiri ayi.

Mnyamata_wa_Kamera

Amayi, ndikupempha ndisiyane pang'ono ndi akuluakulu ayankha kalewa. Mwanena nokha kuti chithunzi chanu chinkathera pa atoll. Ndiye mupitirenji kukaona chiyambi chokha, mapeto ake alipo?

Ine ndinapita ku Maldives, ndipo si kuti ndili ndi ndalama zambiri. Kale alendo ankaloledwa kugona pa zilumba za mahotela zokha, chilumba chimodzi hotela imodzi; yoyamba inatsegulidwa mu 1972. Koma mu 2009 boma linalola eni dziko kutsegula nyumba zogona alendo pa zilumba zimene amakhalapo okha. Ine ndinagona ku Maafushi, m'nyumba wamba, ndikudya kumene amadya asodzi, mwazini akuitana mapemphero m'bandakucha. Mowa kulibe pa zilumba zoterezi, ndipo zovala zosambira zimaloledwa pa kagawo kamodzi ka gombe kotchingidwa. Kwa inu sindikuona ngati limenelo ndi vuto.

Chimene ndikufuna mukaone ndi cha pawindo la ndege. Pempherani kufika masana, mupemphe mpando wa pawindo. Dzikoli lili ndi zilumba pafupifupi 1,190 m'magulu 26, ndipo ndege ikamatsika mumaona mikombero ija ili mbwee panyanja, kunja kwakuda bii chifukwa chakuya, m'kati mobiriwira mowala, m'mphepete kamzere ka mchenga. Ndinajambula mpaka foni inadzaza. Phiri palibe ngakhale limodzi. Linamira kalekale monga munkanenera. Mtunda wake pa avereji uli mamita 1.5 okha pamwamba pa nyanja, ndiye chilumba chonse mumachizungulira wapansi osakwera chitunda. Mawondo a bambo akapuma. N'chifukwa chakenso anthu akumeneko nkhani ya kukwera kwa nyanja saitenga mwamasewera. Mu 2009 pulezidenti wawo, Mohamed Nasheed, anachititsa msonkhano wa nduna zake pansi pa madzi atavala zopumira, kuti dziko lonse lione chimene chikuwayembekezera.

Makorali mumawapeza pafupi. Pa zilumba zambiri mumangoyenda kuchoka pamchenga, kuvala galasi, kuviika nkhope, basi nsomba zamitundumitundu zili pamaso panu. Ndinaona akamba am'madzi ndi tishaki tating'ono tosaluma tikuyenda m'madzi ofika m'mawondo.

Ndisakubisireni choipa chake. Bwalo lalikulu la ndege lili pa chilumba chakechake, cholumikizidwa ndi mlatho ku Malé, likulu la dzikolo, ndi msewu ku chilumba cha Hulhumalé basi. Kwina konse ndi boti, ndege ya m'dziko momwemo, kapena kandege kotera pamadzi, kamene n'kodula ndipo kamauluka masana okha. Kupita ku Maafushi pa boti lothamanga ndi mphindi 30 kapena kupitirira pang'ono, ndipo likamadutsa pakati pa zilumba limadumpha. Lachisanu maboti a boma sayenda. Ngati bambo angapirire theka la ola limenelo nyanja ili bata, mu Febuluwale kapena Malichi, mukaona chinthu chimene kwina kulibe. Koma mukatha masiku atatu mwachizungulira chilumba kangapo, ndipo basi kapena msika waukulu mwanena uja mulibe.

Mphunzitsi_Wopuma

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndimayembekezera. Ndawawerengera bambo mayankho onse mokweza.

Mwana wanga wa kamera, mwandigwira pamtima penipeni. Kuona atoll kuchokera m'mwamba ndi chinthu chimene ndachilakalaka kuyambira ndili kukoleji. Koma mawu akuti boti limadumpha atangomveka, bambo anapukusa mutu, ndipo lonjezo ndinapereka kale. Sindikufuna kuti ulendo umene tausungira ndalama limodzi ukhale wokondweretsa ine, iwo akuvutika ndi mantha. Mayi mnzanga, za makoma a miyala ya makorali ndi tchalitchi chija zandikoka kwambiri, ndipo Zanzibar sindinaitaye. Koma pakali pano mtima ukupendekera ku Mauritius chifukwa cha zimene bambo amalinyero anena za Gris Gris. Kuona nyanja imodzi mbali iyi itagona, mbali inayo ikulusa, kusiyana kwake kukhala makorali basi, limenelo ndi phunziro limene ndinkalephera kulifotokoza bwino ndi mawu.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Kodi ku Mauritius makorali amoyo ndingawaone bwanji ine wosadziwa kusambira kwenikweni, ndipo pali njira yoti bambo awaoneko osachita mantha? Chachiwiri chikundivuta mumtima. Ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti makorali akufa ndi kutentha kwa nyanja, ndipo alendo ochuluka amawononga zilumba. Tsopano ine ndemwe ndikufuna kukwera ndege kukawonjezera chiwerengerocho. Kodi alipo amene anaganizapo za zimenezi?

Namwali_wa_Zachilengedwe

Amayi, funso lanu lachiwirilo ndi limene landitulutsa, poti ndakhala ndikungowerenga. Ndinaphunzira za zamoyo za m'nyanja ndipo ndinagwirapo ntchito yowerengera makorali.

Konzekerani mtima kuti mwina simukaona mitundu yowala ija ya m'mabuku. Korali ndi kanyama kamene kamakhala ndi ndere zing'onozing'ono m'thupi mwake. Nderezo ndi zimene zimakapatsa chakudya ndi mtundu. Madzi akatentha kupitirira muyezo ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, kanyamako kamatulutsa nderezo n'kutsala koyera, ndipo kutenthako kukapitirira kamafa. Mu 1998 zimenezi zinapha makorali ochuluka zedi ku Seychelles ndi ku Maldives. Zinabweranso mu 2016, ndipo mu Epulo 2024 asayansi analengeza kuti zachitikanso padziko lonse kachinayi. Ndiye mukapeza malo ena ali amoyo, abulauni ndi achikasu, nsomba zili yakaliyakali, pafupi pomwepo pali mabwinja otuwa. Muone zonse ziwiri. Woyendetsa alendo akafuna kukuonetsani zokongola zokha, mufunseni za zakufazo.

Zoti alendo amawononga n'zoona. Ku Philippines boma linatseka chilumba cha Boracay miyezi 6 mu 2018 chifukwa zonyansa za m'mahotela zinkathira m'nyanja. Ku Thailand, gombe la Maya Bay linatsekedwa chaka chomwecho maboti atapha makorali ndi anangula, ndipo linatsegulidwanso mu 2022 ndi malamulo okhwima, kusambira koletsedwa. Tishaki tinabwerera anthu atachoka. Ku Palau, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, mlendo aliyense amasaina lonjezo lodindidwa m'pasipoti mwake kuti asamalira chilumba, ndipo mu 2020 analetsa mafuta odzola oteteza kudzuwa amene amawononga makorali. Ku Maldives zinyalala za ku Malé ndi za m'mahotela zinadzaza chilumba chathunthu cha Thilafushi, chimene pa zithunzi za malonda sichioneka.

Komabe sindingakuuzeni kuti musapite. Zilumba zambiri zimadalira alendo, ndipo mu 2020 ndege zitaima mabanja ambiri anasowa pogwira. Malo otetezedwa a m'nyanja nawonso amayendera ndalama zolowera zimene alendo amalipira. Chimene chimasiyanitsa ndi mmene munthu akukhalira akafika. Mukagone malo a eni dziko kuti ndalama itsale pachilumba. Madzi abwino pa zilumba ndi osowa, ndipo mlendo wa m'hotela amathera ambiri kuposa banja la m'mudzi, choncho musawaseweretse. Korali musaliponde, musaligwire, musagule zigoba kapena zidutswa zake ngakhale akugulitsa motchipa. Nsomba musaziponyere buledi, ngakhale woyendetsa boti atakupatsani. M'malo modzola mafuta ambiri, valani malaya a manja aatali polowa m'madzi.

Poti mukuganiza za Mauritius, dziwani kuti mu Julayi 2020 sitima ya Wakashio inagunda makorali pafupi ndi Pointe d'Esny, ndipo mu Ogasiti mafuta okwana matani pafupifupi 1,000 anatayikira m'nyanja, pafupi ndi malo otetezedwa a Blue Bay. Anthu wamba anatuluka mwaunyinji kusoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe, ena mpaka kumeta tsitsi lawo kuti aikemo. Mukafika ku Mahébourg mukacheze ndi asodzi za nthawi imeneyo. Iwo ndi amene angakuuzeni bwino zimene zinabwerera ndi zimene sizinabwerere.

Mmalinyero_Wakale

Mwana wathuyu wanena zoona zokhazokha, ndipo watchula malo amene ndimati ndikuuzeni. Pa funso lanu loyamba, mayi, yankho ndi Blue Bay yomweyo. Ili pafupi ndi bwalo la ndege ndi tauni ya Mahébourg, kumene kuli nyumba zogona alendo za mabanja, msika, ndi siteshoni ya mabasi. Pagombe pamakhala maboti a galasi pansi. Satuluka kunja kwa makorali, amangoyenda pang'onopang'ono m'madzi odekha aja, gombe likuoneka nthawi yonse, ndipo pansi pamaoneka poti sipakuya. Munthu amakhala pabenchi n'kumayang'ana makorali akudutsa pansi pa mapazi ake. Ulendo wake sutenga nthawi yaitali.

Bambowo musawakakamize. Tsiku loyamba akangokhala pagombe aone mabotiwo akupita n'kubwera, aone agogo ndi makanda akutsikamo ali bwinobwino. Akafuna okha, pitani m'mawa mphepo isanadzuke, apemphe jekete yoyandamitsa aivale asanakwere, akhale pakati pa boti osati kutsogolo, ndipo mukamuuze woyendetsa kuti muli ndi munthu wamantha, amazidziwa zimenezi. Akayamba chizungulire asiye kuyang'ana pagalasi, ayang'ane kumtunda. Akakana, inu kwerani nokha, iwo azikuonani ali pamthunzi, chifukwa simupita kobisika.

Inuyo ngati mukufuna kuviika nkhope, valani jekete yomweyo ndi galasi, mugwire chingwe cha boti, ndipo musalowe pamene madzi akutuluka pa mpata wa makorali, chifukwa pamenepo amakoka. Muyambe mwayeserera kupumira m'kapaipi pamadzi ofika m'chiuno.

Mbali imeneyi ya chilumba ndi imene imalandira mphepo ya Juni mpaka Ogasiti, ndiye miyezi imeneyo madzi amachita makwinya ndipo kumazizira. Ine ndinganene kumapeto kwa Sepitembala, Okutobala, kapena kuchiyambi kwa Novembala: mphepo yatsika, kutentha sikunafike pachimake, anamondwe sanayambe, ndipo mitengo ya malo ogona sinakwere ngati ya pa Khirisimasi. Za viza ndi za katemera mukafunse ku ofesi yoimira dzikolo musanagule tikiti, poti malamulo amasiyana malinga ndi pasipoti ndipo amasintha. Pa bwalo la ndege amafunsa tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene mukagone, choncho mapepala amenewo mukhale nawo m'manja, osati m'chikwama chachikulu.